Mzungu Amene Anafotsera Achimwene

Mu Doha muno palibe amene anandigonjetsapo pakamwa. Ogulitsa mafoni amati akandiona ndikubwera, amatsitsa mtengo ndisanapereke n'komwe moni. Choncho pamene ndinadzuka kusanache tsiku loika achimwene anga, ndinali nditatsimikiza zinthu ziwiri: adzukulu ndiwapeza okwanira, ndipo mzungu uja ndimutseka pakamwa anthu onse akuona.

M'nyumba ya achimwene ku Bin Mahmoud munali fungo la anyezi. Amayi amene anachezera ndi alamu anali atasasa mawu ndi nyimbo, koma mpunga unali kale pa gasi. Amuna anagona chokhala pakhonde, nsapato za kuntchito zili kumapazi.

Mzungu ndikunenayu ndi wa ku Australia, mkulu wa alonda pahotela ya ku Al Dafna pomwe achimwene ankagwira ntchito. Awiriwa anatsutsana zaka zambiri pa nkhani imodzi. Iye ankati atsamunda analakwitsa zina, inde, koma anapatsa Aaborijini, eni nthaka a kwawoko, sukulu ndi zipatala. Achimwene ankamufunsa kuti ndi sukulu yanji imene imayamba ndi kulanda mwana kwa mayi ake, nanga dziko lokhalamo anthu linasanduka bwanji lopanda mwini. Akatero ankamuuza za kwathu ku Thyolo, kumene manda a makolo athu anagwera mkati mwa esiteti, thirakitala n'kudutsapo, tiyi n'kumera. N'chifukwa chake ankatiuza kuti tisadzavutike n'kuwanyamula kupita nawo kumudzi, poti kumanda kwathu kuli tiyi. Anangopempha chimodzi: adzafotseredwe ndi manja a anthu, osati makina.

Kwathu wachibale safotsera manda. Imeneyo ndi ntchito ya adzukulu, anthu apadera, ndipo tsiku limenelo iwo ndiwo mafumu. Amayamba ndiwo kudya, amanena chimene afuna, wina osawayankha. Ine ndinali nditalonjeza alamu kuti anyamata adzadzaza basi.

Kutacha ndinayamba kuimbira masupavaiza. Ndinanyengerera, ndinatamanda, wina ndinamutchula mpaka habibi, wokondedwa m'Chiarabu. Onse yankho linali limodzi: mafi, palibe ofu. Anyamata anandigwira dzanja mmodzimmodzi, maso ali pansi, n'kuthamangira mabasi a kampani. Sindinawaimbe mlandu. Munthu wa kontilakiti salira maliro ndi ntchito yake.

Ku tchalitchi ku Abu Hamour kunadzaza ndithu. Kunabwera amayi a m'mahotela, ena atavala chitenje pamwamba pa yunifolomu, ndi ena a m'nyumba za mabwana amene anapempha maola ochepa. Anaimba mpaka a mitundu ina anasuzumira pakhomo. Koma pemphero litatha, khamu lija linasungunuka, aliyense kubwerera kuntchito. Nditawerenga amuna osakhala abale ndinapeza madalaivala awiri ndi bambo wina wachikulire wodwala msana. Kumbuyo kwenikweni kunaima mzungu uja, atavala suti yakuda.

Tinanyamuka, galimoto ya maliro patsogolo, basi yathu pambuyo, mzungu pambuyo penipeni. Nyumba zitalizitali zinatha, kunatsala mchenga ndi mphepo yotentha yonyamula fumbi. Amayi sanasiye kuimba.

Kumanda tinapeza dzenje lokumbakumba, ndipo pambali pake panali makina aja, injini ikulira, woyendetsa ali pampando. Apa ndiye ndinatulutsa luso langa lonse. Ndinamupatsa madzi ozizira, ndinamufunsa za ana ake, ndinamuuza kuti nkhope yake ndi ya munthu wopemphera. Anamwa madziwo, n'kuloza dzuwa. Likafika pamutu, iye afotsera ndi makinawo, khalas, nkhani yatha. Ine amene ndinagulapo firiji pamtengo wa wailesi, sindinathe kumunyengerera kuti awonjezere ngakhale mphindi.

Amuna atatu, mmodzi wopanda msana, sakanatha. Alamu anandiyang'ana.

Pamenepo mzungu uja anavula jekete. Bambo achikulire aja, amene tsopano anali mkulu wa adzukulu, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ameneyu ndi mbale wanu?" anandifunsa.

"Ayi, bambo."

"Ndiye ndi mdzukulu. Muuzeni avule nsapato. Pamanda sitiponda ndi nsapato."

Ndinamasulira, ndipo ndivomere, ndinamasulira mokoma. Anavula. Mchenga wa kuno masana suseka ndi munthu. Anadumphadumpha ngati mwana, amayi n'kubisa nkhope m'zitenje. Koma fosholo anaigwira. Bambo aja ankamulamula m'Chichewa, "Iwe, mbali iyo, usaponye ngati ukutaya zinyalala," iye n'kumamva ndithu. Nkhope inafiira, malaya anamatirira kumsana, m'manja munatuluka matuza. Madalaivala anayambitsa nyimbo ya adzukulu, mafosholo n'kumatsatira. Mtumbira utakwera, bambo aja anausalaza ndi zikhatho. Dzuwa linali lisanafike pamutu. Woyendetsa makina anazimitsa injini, natsika, navula chipewa.

Achimwene anagona pansi pa dothi loikidwa ndi manja, m'dziko la eni, monga ananenera.

Inafika nthawi yanga yolankhula m'malo mwa banja. Mawu anali okonzeka, akuthwa, onena za ana olandidwa ndi tiyi womera pa agogo. Nditangotsegula pakamwa, bambo aja anandigwira phewa.

"Mdzukulu ali ndi mawu. Inu mudikire."

Mzunguyo analankhula motsitsa, akuyang'ana mtumbira. Anati pafamu ya agogo ake pali malo ena pafupi ndi mtsinje amene agogowo sanalimepo, ndipo ana ankaletsedwa kusewerapo. Palibe ananenapo chifukwa, ndipo iye sanafunse.

"Munawauza achimwene zimenezi?" ndinamufunsa.

"Sindinawauze. Akanapambana." Anapukuta thukuta, n'kuwonjezera, "Koma za zipatala zija sindinasinthe maganizo."

Yankho linali pa lilime, labwino kuposa onse amene ndinaperekapo. Dzanja la bambo aja linalimba paphewa panga. Mdzukulu sayankhidwa. Ndinathokoza anthu chifukwa chobwera, n'kukhala pansi.

Madzulo ku Bin Mahmoud ndinatenga beseni ndi jagi, n'kugwada kusambitsa adzukulu m'manja, mzungu yemwe. Anayamba ndiwo kudya, iye atakhala pamkeka, mapazi ali m'madzi ozizira, alamu akumuwonjezera ndiwo. Mzungu anachoka nsapato zili m'manja. Alamu anapinda yunifolomu ya achimwene n'kuiika m'sutikesi. Ine ndinakhala pakhonde ndi mawu anga osalankhulidwa aja.

Munthuyo sanavomere kuti anagonja, ndipo ine sindinamuyankhe. Koma anapsa mapazi kuti makina asakhudze manda a munthu wa ku Thyolo. Inu amene mwawerenga, tandiuzani, mkangano uja anapambana ndani?