Tayala la Salaula ndi Dzina la Malita

Inu owerenga, ine ndinagubuduzika ndi galimoto pamsewu wa ku Lusaka, ndipo mpaka lero mkono wanga wamanzere sukwera kupitirira phewa. Koma chandilembetsa si mkonowu ayi. Chandilembetsa n'choti ngoziyo anthu anasenzetsa mkazi wanga, munthu woti anali atagona kale kumanda. Ine ndinakana, ndipo ndikukanabe.

Zinali zaka zija mafakitale a kuno ku Kafue ankachotsa anthu pantchito mwaunyinji. Nanenso anandichotsa. Ndalama zondipepesera ndinagulira vaneti yakale ndi tirela, ngolo ija yokoka kumbuyo, n'kuyamba kututa chimanga, makala ndi njerwa za anthu. Chaka chomwecho mkazi wanga Malita anadwala n'kutisiya. Pa mwambo wondisudzula, akwawo anafuna kuti ndisambe mankhwala ochotsa chiwanda, komanso kuti msuweni wa malemuyo alowe m'nyumba ngati mkazi wanga. Ndinawayankha mwaulemu kuti Malita anali mkhristu, inenso ndine mkhristu, ndipo palibe choipa chimene anandisiyira pathupi. Mlamu wanga Yotamu, mchimwene wake wa Malita, anangoti tidzaona.

Nthawi imeneyo malire a dziko anali atatseguka, katundu wakunja wogwira kale ntchito anadzaza misika. Tinkavala salaula, zovala zakunja zovalidwa kale, ndipo matayala nawonso anabwera a salaula. Akumbuyo a vaneti yanga anali atadyeka mpaka kusalala, chifukwa galimoto ikamakoka tirela kulemera kumatsamira kumbuyo. Ndinapita kwa bambo wina wogulitsa matayala pafupi ndi pokwerera maminibasi. Anandionetsa awiri akuda bii, onyezimira, mano ake akuya bwino. Nditafunsa ngati angapirire katundu, anaseka. Anati kumene achokera misewu ndi yosalala ngati tebulo, moti tayala amalipumitsa pantchito lisanatope n'komwe. Ndinagula.

Mwezi wa Okutobala ndinapita ku Shimabala kukatenga chimanga cha munthu. Matumba anadzaza vaneti ndi tirela yomwe. Dzuwa linali loswa mtengo, phula likuchita kunyezimira. Pobwerera, ndili pamtsetse, ndinangomva kuphulika kumbuyo. Vaneti inapendekera kumanzere, tirela n'kuikankha ngati ng'ombe yolusa, ndipo chiwongolero chinasiya kundimvera. Ndinatsitsimuka ndili m'ngalande, chimanga chili mbwee pamsewu, mkono utathyoka. Mulungu anandichitira chifundo kuti ndinali ndekha.

Potuluka m'chipatala ndinapeza nkhani yafala kale. Ankati Malita wakwiya chifukwa sindinatsukidwe. Wina mpaka analumbira kuti tsikulo anamuona atakhala pamwamba pa matumba, atafunda chitenje. Amayi a kumpingo, omwe ankaimba naye limodzi m'chigwirizano, anayamba kutsitsa mawu potchula dzina lake. Inu owerenga, ine sindifulumira kukwiya, ndipo miseche yonena za ine ndimangoisiya idutse. Koma mkazi amene ankadzuka m'mamawa kukasambitsa odwala a eni, lero asanduke chiwanda chophulitsa matayala pamsewu? Zimenezo zinandikanika kumeza.

Tayala lophulikalo linali likadali m'vaneti, kwa makaniko kumene anaikokera. Ndinalitsuka ndi madzi a sopo, ndipo kuda kuja kunachoka. Anali polishi wa nsapato. Pansi pake mphira unali wotuwa, wang'alukang'aluka. Mano aja nditawayang'anitsitsa sanali owongoka, ankakhotakhota ngati mizere ya mwana wophunzira kulemba. Tayalalo linali litatha kale, munthu n'kulisema mano atsopano ndi chitsulo chamoto mpaka kufika pamawaya. Khoma lake la m'mbali linali lopyapyala, la galimoto yaing'ono yonyamula banja, osati yonyamula matumba.

Yotamu anaitanitsa msonkhano wa banja kunyumba kwake ku Esiteti, kuti tikonze za kunditsuka. Ndinavala jekete langa la Lamulungu, n'kuyenda ndikugubuduza tayalalo ndi dzanja limodzi, anthu akundiyang'ana m'mipanda. Nditafika ndinaligoneka pakati pa mphasa, n'kufotokoza zonse modekha. Ndinawapempha kuti aliyense aligwire yekha.

Yotamu sanaligwire. Anamwetulira, nati, “Tamva, mulamu. Manje nindani anakutsekani maso tsiku munagula? Si Malita yemweyo?”

Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Ndinayankha kuti, “Ananditseka maso ndi polishi, ba mulamu. Malita sanagulitsepo matayala.”

Mkulu wake wa Malita, amake Jesi, anapisa chala m'mano a tayala muja, waya n'kuwabaya. Anayamwa chalacho. Yotamu ananena kuti ndakula mtima, ndipo analamula kuti pasapezeke wa m'banjamo wokwera galimoto yanga mpaka nditatsukidwa. Ndinatenga tayala langa n'kutsanzika. Sindinapepese, chifukwa kupepesa kukanatanthauza kuvomera kuti zimene ankanena za mkazi wanga n'zoona.

Vaneti inakhala nthawi yaitali pamiyala. Itakonzedwa, ndinapirira mpaka nditapeza matayala atsopano enieni onyamulira katundu, aja ogulitsa amati eyiti pulayi, a khoma lochindikala. Katundu woyamba wolemera amene anakoka unali mwala wa pamanda a Malita, pamodzi ndi simenti ndi mchenga wake. M'mawa wa tsikulo ndinaima pakhomo pa Yotamu kuti ndinyamule ofuna kukwera. Onse anayang'ana kumbali, nati apita wapansi. Kenako amake Jesi anatuluka, natsegula chitseko chakutsogolo, n'kukhala, chikwama chili pamiyendo.

“Tiyeni, mulamu,” anatero. “Mng'ono wanga sanali mfiti.”

Tinayenda pang'onopang'ono mpaka kumanda, mwala uli kumbuyo. Yotamu anafika mochedwa, nsapato zili mbuu, ndipo kufikira lero tikakumana kumsika amayang'ana tomato. Ndimamupatsabe moni.

Tsono inu amene mumakoka katundu, mverani. Musagule tayala chifukwa chakuda kapena kunyezimira. Likandeni ndi chikhadabo, tsatirani mano ake ndi chala, ndipo akakhala okhotakhota lisiyeni, ngakhale wogulitsa atalumbira motani. Finyani khoma lake. Likabonyoka mosavuta, si la katundu. Akumbuyo ndiwo amatha msanga, choncho muziwayendera musanamange tirela. Mukaona chotupa m'mbali, kapena mbali imodzi yadyeka kuposa inzake, musanyamuke. Mpweya muzipopa wokwanira katunduyo matayala asanatenthe, chifukwa tayala lofewa limapsa lokha pansi pa matumba, makamaka nyengo yotentha. Ndimadandaula kuti izi ndinazidziwira m'ngalande.

Ndipo tsoka likakugwerani pamsewu, yambani mwagwada pansi n'kuyang'ana mphira. Musalole munthu, ngakhale wachibale, kuti mlandu wa wosema matayala aukankhire kwa womwalira amene sangathe kudziyankhira.