Mayi Amene Anatitsekera Kunja kwa Tchalitchi

Abambo mfumu anandipempha kuti ndilembe za azakhali anga m'kalata ya parishi. Anati, "Sukulu wamaliza, ukungokhala pazenera n'kumawerenga mabasi odutsa. Lemba." Ndavomera, ngakhale ndinkalakalaka kuti nkhani yanga yoyamba kusindikizidwa idzakhale yachikondi. Iyi ndi ya mayi amene anasesa tchalitchi chathu zaka makumi anayi ndi zinayi, ndipo tsiku lina anatitsekera kunja tonse.

Azakhali anabadwira m'tauni yathu ino, m'nyumba yamatabwa yakumtunda, kufupi ndi kumene mapaini amayambira. Bambo awo ankagwira ntchito pa makina ochekera matabwa ndipo anamwalira msanga. Mayi awo ankachapira anthu zovala. Ana analipo anayi: azakhali, ang'ono awo awiri, ndi khanda lalimuna, limene lero ndi bambo anga.

Ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, m'chilimwe chimene udzu unauma mpaka kumathetheka wokha, mayi awo anawatuma kumtsinje ndi beseni la zovala, khanda lili kumsana. Anali masana. Akutsukuluza, anaona timadontho takuda tikugwera pansalu yoyera. Anasansa, tina tinagwa. Atakweza maso anaona kuti dzuwa lafiira ngati chilonda.

Tchalitchi cha nthawi imeneyo chinali chamatabwa, pamalo omwe tonse tikuwadziwa, pamwamba pa msewu wotsetsereka. Kuseri kwake kuli chigwa cha udzu ndi mapaini, ndipo moto unkachokera kumeneko. Anthu athu ndi opemphera, ndipo wopemphera akachita mantha amathamangira kwa Mulungu wake. Anakwera, analowa, anatseka zitseko kuti utsi usawapeze, n'kuyamba kuimba. Azakhali anali m'madzi olekeza m'mawondo, ndipo nyimboyo ankaimva bwinobwino chifukwa mphepo inkaitsitsira kumtsinje. Ndime yoyamba inatha. Yachiwiri inafika pakati n'kuduka, ngati munthu wazimitsa wailesi. Mkatimo munali anthu makumi atatu ndi mmodzi, pamodzi ndi mayi awo ndi ang'ono awo awiri.

Zaka zotsatira ndizidumpha msanga, chifukwa zimangofanana. Sukulu anaisiya, anatenga beseni la mayi awo, analera mlongo wawo. Misa sankajomba, koma palibe amene anawamvapo akuimba. Ankangogwedeza milomo.

Chikondi chinawapeza kamodzi, ndipo nkhani imeneyi ndinachita kuikumba ndekha. Panali wocheka matabwa wina wamtali, wokonda kuimba likhweru, amene anapeza ntchito kumzinda wakuchigwa. Anawadikira pakhomo masiku atatu, lole itanyamula kale katundu wake. Azakhali anamuuza kuti, "Ndikachoka ine, wokumbuka atsala ndani?" Ine ndikanapita. Ndikanakwera lole imeneyo osatembenuka, mpango ukuuluka. Tsiku lina ndinawafunsa ngati ankamukonda.

"Anali ndi mano abwino," anatero. "Tandipatsira tsachelo."

Tchalitchi cha njerwa chitamangidwa pamalo omwewo, anapatsidwa makiyi ndi tsache. Anapempha chinthu chimodzi kwa wansembe wa nthawi imeneyo: kuti moto ukadzabweranso, adzawalole kutseka chitseko, anthu adzatsikire kumiyala, kuja amaswa miyala yomangira, kumene kulibe udzu ngakhale umodzi. Wansembeyo anakana. Anati nyumba ya Mulungu siitsekedwa pa tsiku la tsoka. Azakhali sanatsutse. Ankangobwereranso Loweruka lililonse, kugwada, n'kupempha chomwecho, kwa zaka zitatu.

Pomaliza anabwera ndi lata ndi mtolo wa udzu wouma. Anayala udzu palata, n'kuligoneka pansi, n'kuyatsa mbali imodzi. Moto unayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Anayalanso wina, koma tsopano anatsamiritsa latalo kukhoma ngati phiri, n'kupempha wansembe kuti ayang'anire pamwamba. Anayatsa m'munsi. Akuti bamboyo anachita Misa ya Lamulungu alibe nsidze. Kuyambira pamenepo analola.

Ambiri a inu munaliona lata limenelo. Azakhali ankapita nalo kusukulu, kumsika, ngakhale kumowa. Ankayenda nyumba ndi nyumba ndi chikwakwa, akuwerenga mapazi makumi atatu kuchokera pakhoma, n'kunena kuti udzu wonse mpaka pamenepo uchoke. Nkhuni ankazisuntha okha zikakhala zotsamira nyumba. Ankaloza masamba a paini odzaza padenga n'kufunsa mwini nyumba ngati akuwasungira ukwati. Ana ankawaphunzitsa kuti tsikulo adzavale nsapato zotseka, osati zapulasitiki, ndipo adzafunde bulangete lonyowa. Msewu uliwonse unali ndi wilibala yake ndi munthu wodziwa amene sangathe kuyenda. A zankhalango atabwera ndi mapepala awo kudzatiphunzitsa, anapeza ana a kalasi yoyamba akuwamalizira mawu.

Ndipo kamodzi pachaka, udzu ukauma, ankamenyetsa chitsulo chochenjezera anthu cha pamsika, katatu n'kuleka, katatu n'kuleka. Wansembe ankatulutsa Ukaristia n'kutsogola nawo. Anthu ankatsatira. Azakhali ankayang'ana pansi pa benchi iliyonse, kutseka, n'kutsika pomaliza. Kwa amene ankazengereza pakhomo ankati, "Ambuye atsika kale. Atsatireni."

Zaka zinapita moto waukulu osabwera, ndipo anthu anatopa. Chaka china kumiyala kunafika anthu khumi ndi asanu, ambiri ana ofuna kuthawa masamu. Anawapatsa dzina lakuti Mayi Makiyi. Amene ankawanyodola kwambiri anali mayi oyang'anira kwaya, aja a mawu omveka mpaka kusiteji ya basi.

"Amayi, ife timathawira kwa Ambuye, inu mumawathawa. Kumwamba mukatsekanso?"

"Akandipatsa makiyi ndikaona," anayankha azakhali. "Koma miyendo imene anakupatsaniyo imadziwanso kutsika."

Anthu anaseka, azakhali anapitiriza kupukuta mabenchi. Sindinawamvepo akudandaula za munthu.

Pali chinthu china chimene ndazengereza kulemba. M'chilimwe, mphepo youma ikayamba kuchokera kuchigwa, azakhali ankaima pakati pa kusesa, mutu utapendekeka, tsache lili m'mwamba. Ndinawapeza choncho masana ena ndikubwera kusukulu. M'tchalitchi munalibe wina aliyense. Fumbi linkayandama m'kuwala kwa pazenera.

"Azakhali, mukumvetsera chiyani?"

Anakweza dzanja kuti ndikhale chete. Patapita kanthawi anatsitsa tsache.

"Afika pa ndime yachiwiri," anatero, n'kupitiriza kusesa.

Ine sindinamve kanthu. Ndinathamangira kunyumba, ndipo bambo anga atamva anangoti ndisadzawafunsenso.

Chaka chatha, Lachinayi lina nditangomaliza mayeso, abambo mfumu anapita kukachita Misa kuseri kwa phiri, kiyi wa tabenakulo, mosungira Ukaristia, ali m'thumba mwawo. M'mawa wa tsikulo mbalame sizinalire. Galu wathu analowa pansi pa bedi n'kukana kutuluka. Ine ndinali pakhonde ndikulemba kalata imene sindinena kuti inali ya yani, ndipo kadontho kakuda kanagwera papepala. Ndinakauzira. Tina tiwiri tinagwa. Nkhuku zinayamba kulowa m'khola dzuwa lili paliwombo. Kenaka chitsulo chinalira, katatu n'kuleka.

Lamulolo ndinalidziwa ndisanadziwe kuwerenga. Lata ndinaliona kakhumi. Koma ndiulule pano, poti ndi kalata ya mpingo: miyendo yanga inakwera. Sindinali ndekha. Ambiri anatsika ndithu, mawilibala akulira m'misewu, koma ife pafupifupi makumi asanu tinapezeka pakhomo la tchalitchi, tikutsokomola, makorona ali m'manja. Kumwamba kunali kwa mtundu wa dzimbiri. Kuseri kwa tchalitchi kunkamveka mkokomo ngati malole ambiri akukwera phiri.

Azakhali anali ataima pachitseko, msana wopindika uja utatsamira matabwa, makiyi atawafumbata. Anali atatseka kale.

"Tsikani," anatero.

Mayi a kwaya anali patsogolo, mdzukulu wawo ali kumsana. "Amayi, tsegulani. Ichi n'cha njerwa, si chamatabwa chija."

"Denga ndi paini. Mabenchi ndi paini. Tsikani."

"Ambuye ali momo. Abambo sanawatulutse. Mukuwatsekera okha m'moto?"

Mawu aja a chaka ndi chaka, akuti Ambuye atsika kale, azakhali sakanatha kuwanena, chifukwa bodza sankalidziwa.

"Ndikudziwa kuti ali momo," anatero pomaliza. "Iwo moto sungawathe. Mwana muli nayeyo ungamuthe."

Ndi pamene tinamva kuimba. Kunkachokera mkati, kuseri kwa chitseko chotseka, kwapansipansi, mawu a amayi ambiri ndi ana. Abambo mfumu akuti inali mphepo yodutsa m'timabowo ta njerwa ta pamwamba pa mazenera, ndipo iwo ndi ophunzira. Ine ndalemba zimene ndinamva. Palibe amene anatsokomolanso.

"Muli anthu mkatimo," anatero bambo wina wokonza njinga. "Ena mwawalowetsa, ife mukutikaniza."

"Mulibe munthu. Ndayang'ana pansi pa benchi iliyonse." Azakhali anatiyang'ana mmodzimmodzi, ineyo pomaliza. "Amenewo analowa kalekale. Mukufuna mukawathandize kumaliza?"

Wokonza njingayo anatambasula dzanja kuti alande makiyi. Azakhali, amene ankalephera kunyamula ndowa yodzaza, anawaponya kudumphitsa mpanda, kugwera mu udzu wakuseri kumene utsi unkatuluka.

"Wowafuna akatole."

Mayi a kwaya anawamenya mbama. Inamveka ngati thabwa lathyoka. Azakhali sanagwire tsaya. Anakonza mpango wawo, n'kudutsa pakati pathu, n'kuyamba kutsika msewu pang'onopang'ono monga amayendera masiku onse, osacheuka. Tinayang'ana chitseko, tinayang'ana msana wawo. Kuimba kuja kunkapitirira. Mwana wa kumsana uja analira, ndipo mayi a kwaya anatembenuka n'kutsatira. Tonse tinatsika. Pakona ya sitolo yogulitsa misomali, wokonza njinga uja anawabereka azakhali, iwo akumuuza kuti asamale bondo lake.

Kumiyala anthu anawerengana msewu ndi msewu. Sipanasowe munthu. Tili chiimire pamenepo tinaona moto ukutulukira pamwamba pa phiri, ndipo denga la tchalitchi linagwera mkati nthawi yosakwana yopempherera korona imodzi. Nyumba khumi ndi imodzi zinapsa, zambiri za amene sanatchetche udzu. Maliro sitinaike. Azakhali anagwada pamiyala yakuthwayo atayang'ana kumtunda, ndipo anakhala choncho mpaka abambo mfumu anafika kudzera njira yakumtsinje.

Azakhali anapempha kulapa pomwepo, chifukwa chosiya Ukaristia m'moto. Izi anandiuza okha. Abambo anawauza kuti palibe tchimo. Iwo anathokoza, komabe kuyambira pamenepo Lachinayi lililonse sankadya mpaka dzuwa litapendeka. Anthu atayamba kubwera kudzawathokoza, ankawafunsa za udzu wakuseri kwa nyumba zawo mpaka alendowo ankatsanzika msanga.

Utsi uja unawakhala m'chifuwa. Anayamba kufooka, ndipo anasamukira kwathu, m'chipinda changa. Mayi a kwaya ankabwera masana aliwonse. Za mbama sanatchulepo, azakhalinso sanatchule. Ankangokhala pansi n'kumawasisita mapazi ndi mafuta.

"Manja anuwa ndi amphamvu ndithu," anatero azakhali tsiku lina. "Ndinawadziwa kale."

Mayi aja anaseka mpaka misozi, kenaka misoziyo inapitirira kuseka kutatha.

Anamwalira m'mawa wa mvula yachitatu, atalandira masakramenti. Anapempha kuti nditsegule zenera amve fungo la dothi lonyowa. Anandifunsa ngati udzu wakuseri kwa sukulu watchetchedwa.

"Azakhali, kukugwa mvula."

"Ndiye ukumera," anatero.

Bambo anga anawagwira dzanja. Anapuma kawiri mofatsa, ngati munthu amene wamaliza kukwera, ndipo anagona. Nkhope yawo inali yosalala ngati ya mtsikana.

Mwezi wathawu udzu unaumanso, ndipo a bungwe la mpingo anakangana ngati n'koyenera kupitiriza kumenya chitsulo, mwini wake atapita. Ena anati anthu aphunzira kale. Ena anafunsa kuti adzatseka ndani, poti palibe amene ankafuna kudzaima pamene anaima iwo. Abambo mfumu anati chimenyedwe basi, tione.

Tchalitchi chatsopano sichinathe. Makoma afika m'chiuno, denga kulibe, mbuzi zimalowera paliponse. Chimene chaimikidwa ndi chitseko chokha, m'mafelemu ake, pakati pa mphepo. Chitsulo chitalira, tauni yonse inatsika, ngakhale a kumowa. Ine ndinatsalira pang'ono kumanga nsapato, ndipo ndinaona mayi a kwaya akuyenda pakati pa njerwa, akuwerama kuyang'ana pansi pa matabwa amene timakhalira pa Misa. Atamaliza anatuluka, anakoka chitseko, anazunguza kiyi kawiri, n'kuchiyesa ndi phewa ngati chatsekeka.

Anyamata awiri omanga, ochokera kutali, anali atakhala pakhoma akuseka.

"Amayi, mukutsekera ndani? Khomali n'lodumpha ndi mwendo umodzi."

Mayi aja anaika kiyi m'thumba, n'kuwayang'ana mpaka kuseka kunatha.

"Tsikani," anatero.

Anatsika.

Mzimu wa mtumiki wa Mulungu ameneyu uuse mumtendere.