Nsalu Imene Ndinati Yabedwa

Ndine wamfupi chomene. Ndinafika zaka makumi anayi zovala za m'sitolo zikundikwekwerabe pansi, choncho ndinkazidula ndekha. Tsiku lina kwathu ku Ching'ambo ndinadula nsalu ya chipani, sizasi n'kudya chibwano cha Pulezidenti. Anthu ankatengedwa pa zochepa kuposa izi. Nsaluyo ndinaisokera m'kati mwa pilo.

Amayi apampando a chipani atandifunsa za nsaluyo, ndinati, "Yabedwa pachingwe, amama."

"Wakuba tikumudziwa," anatero, maso ali pakhomo la neba wanga NyaPhiri.

Sindinatsutse. Azimayi anasiya kumupatsa moni NyaPhiri, koma iye anandibweretsera nsalu yake ina kuti ndikavinire kumsonkhano. Ndinalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza kuti yewo. Mawu ena onse ndinameza.