Mwala wa Bambo Zuze Udakali Pamalire

Ndinaganiza zopita ku Beira tsiku limene ndinapeza mtanda wa pamanda a amuna anga utadyedwa ndi chiswe. Chinali chitangotha chaka chimwalirire bambo Zuze. Kwathu kuno ku Nsanje manda sakhalitsa. Madzi akasefukira amasalaza mitumbira yonse, ndipo akaphwa mumangopeza mchenga. Ndinati munthu amene ndinabereka naye ana asasowe ngati chiweto. Ndinkafuna mwala weniweni, wolembedwa dzina lake, woti madzi alephere kuunyamula.

Munda wa mapira sukanandipatsa ndalama zimenezo. Ana anga awiri ndinawasiya kwa alamu anga a Fatima, mchemwali wa malemuwo, ine n'kuwoloka.

Ku Beira ndinapeza ntchito yochapa ndi kusita pakhomo pa banja lina. Kumsika Chisena chinkandithandiza, koma m'nyumbamo ankalankhula Chipwitikizi chokhachokha, moti masiku ena dzuwa linkalowa ndisanalankhule ndi munthu. Lamlungu kutchalitchi nyimbo zina ndinkazizindikira kamvekedwe, koma mawu ake sindinkawadziwa. Ndinkangong'ung'udza. Kulemba sindimatha bwino, choncho ndi a Fatima tinkatumizirana mawu pafoni. Amati, "Mlamu, ana ali bwino, koma Rozi nsapato zamuthina." Ndikatumiza ya nsapato, mwala unkabwerera m'mbuyo. Nthawi zina ndinkakwiyira ana anga omwe chifukwa chokula, kenako n'kuchita manyazi ndekha. Mvula inagwa kawiri ndili komweko.

Mmisiri amene anandisemera mwala uja anali nkhalamba ya Chisena. Anandichotserako mtengo atamva kuti ndine wamasiye. Mwalawo unali wakuda, wosalala, wolemera moti anyamuli anayi anachita kubuula pouika mulole. Ulendo wonse ndinakhala pambali pake, dzanja lili padzina.

Pamalire anatitsitsa. Wantchito wa msonkho anali mayi wachitsikana, waulemu ndithu.

"Mayi, uwu ndi katundu wolowa m'dziko. Uli ndi msonkho wake."

"Si malonda awa, mwanangu. Ndi manda."

"Ndikumva, mayi. Koma buku langa likuti mwala wosema. Silinena kuti wa ndani."

Msonkho umene anatchula ndinalibe, ndipo kumudzi kunalibe choti ndingagulitse. Anausunga kuseri kwa ofesi, pabwalo pamene pamakhala katundu wogwidwa. Ndinafika kwathu ndi kachikwama kokha. Anthu amene anabwera kudzandilonjera ankayang'ana kumbuyo kwanga.

Patapita sabata, mayi Chanza, amene amatsogolera azimayi a geni yodutsa malire, anabwera kunyumba. Anati amalonda a m'chigwa chonse akumana ku Bangula kuti alembe kalata yopempha boma kusintha misonkho. "Tiyeni mukalankhule, amwali. Nkhani yanu ikawagwira mtima. Ife tikanena za kapenta amati tikudandaula phindu."

Ndinapita. Muholomo kutsogolo kunakhala azibambo a malole ndi magolosale akuluakulu, ife azimayi kumbuyo. Anawerenga zimene akupempha: kuti katundu wochepa azilowa waulere, kuti msonkho wa mbali ino ufanane ndi wa tsidya, kuti ndalama zakunja zizipezeka kubanki, kuti munthu asamalipire pamalire n'kudzalipiranso pamsika. Zonsezo zinkamveka zanzeru. Atandiimika ndinanena zanga mwachidule. Azimayi ena analira. Bambo wina wa malole a thonje anawomba m'manja nati, "Mwamva? Msonkho wafika mpaka kumanda!" Anthu anaseka, ena n'kukuwa. Kenako anabwerera ku nkhani ya mtengo wa dizilo, ndipo anakhala pamenepo mpaka nthawi ya zakumwa.

Potuluka ndinafunsa mlembi wawo ngati mwala wanga walowa m'kalatamo.

"Walowa, mayi. Uli pa mfundo ya amalonda ang'onoang'ono."

"Ine sindine wamalonda."

"Pena paliponse sungakwane, mayi."

"Nanga yankho lidzabwera liti?"

Anayang'ana mayi Chanza. Iwo anati, "Amwali, kalata ngati iyi tinalembanso kale. Mwina aphungu akadzakambirana za chuma chaka chamawa."

Pamenepo ndinazindikira chimene sindinkachiona ndisanachoke. Ku Beira ndinkaganiza kuti ndine ndekha wodikira, kuti kwathu zinthu zikuyenda. Ndinapeza kwathu konse kukudikira. Wa malole akudikira, wa kapenta akudikira, ngakhale mtsikana wa msonkho uja akudikira kuti wina amusinthire buku. Kusiyana kwake n'kwakuti anzangawo angathe kudikira chaka chamawa.

Kumanda ndinapita ndi a Fatima ndi achimwene awo ena. Mtanda uja unali utatheratu. A Fatima analoza mtumbira wa pafupi ndi mtengo wa msawu, achimwene awo analoza wotsatira wake. Anakangana pang'ono, kenako onse anatembenukira kwa ine. Ndinaloza wa pamsawu, chifukwa ndikukumbukira kuti tsiku loika maliro ndinali pamthunzi. Ndinakhomapo chikhomo. Madzi akabwera chaka chino, chikhomocho chipita.

Mwezi uliwonse ndimakwera kabaza kupita kumalire kukauona mwala uja. Ulendo watha ndinapeza azimayi atatu a geni ataukhalira, akudikira matumba awo a mchere amene anagwidwa. Atadziwa kuti ndine mwini wake anadzambatuka ndi manyazi. Ndinawauza kuti akhale, pabwalopo palibe pena pokhala, ndipo ndinakhala nawo. Mmodzi anandiuza kuti katundu akakhalitsa osaomboledwa amagulitsidwa pa okushoni.

Ndinaseka. Ndinati, "Angagule ndani mwala wa dzina la munthu wina?"

Mayiyo sanaseke. Anasisita zilembozo ndi chikhato, nati, "Amapala, mayi. Sizilowa kwambiri izi."