Dzuwa Lakuda la Amuna Anga

Chisankho chachikulu cha ku Joni chisanachitike, tinkachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ku Primrose. Amuna anga ankanyamula makatoni pafakitale ina ku Isando, ine ndinkachapa ndi kusita kwa mzungu.

M'mawa wina tili pamzere wa mateksi, panaima galimoto, anthu a m'katimo n'kuyamba kuwombera kudzera pawindo. Tonse tinadzigwetsa pansi. Itachoka tinadzuka, kupatula mayi wina wogulitsa malalanje. Ndinadzisansa fumbi, ndinakwera teksi, ndinakasita tsiku lonse. Masana ndinadya buledi wanga yense.

Patatha sabata, amuna anga anandiwerengera ndakatulo yomwe analemba m'kope. Zolembalembazi anayamba ali pasukulu. M'ndakatulomo dzuwa linali lakuda bii, msewu unaimirira n'kumasanza nsapato, mateksi anamera mano, ndipo tonse a pamzere tinalibe pakamwa.

Ndinawauza kuti limenelo ndi bodza, dzuwa linawala bwinobwino tsiku lija, ndiponso anthu ankakuwa. Iwo anati mwina zinalidi choncho, koma maso awo anaona zimene analembazo.

"Ndiye lembani inuyo zoonazo," anatero, n'kundipatsa cholembera.

Ndinalemba kuti galimoto inali yoyera, mayi uja anavala duku lobiriwira, malalanje anagubuduzikira m'ngalande. Nditawerenga mokweza, zinamveka ngati mndandanda wa zovala zochapa. Anavomera kuti sindinaname paliponse, kenako anandifunsa zimene ndinamva m'thupi mwanga pamene tinali pansi paja. Ndinaganiza kaye, ndinati mawondo anazizidwa ndi simenti.

Anatseka kopelo.

Kuchokera pamenepo analemba zambiri. M'ndakatulo ina, zitseko za mumsewu wathu zinkapuma ngati ng'ombe yodwala. M'ina, iwo anali nsapato yomwe yataya mwini wake. Anasiya kudutsa pamateksi paja, anayamba kuchedwa kuntchito, anaonda, mpaka ntchito inatha. Achimwene awo a ku KwaThema anati ndi bwino apite kumudzi akapume. Ine ndinatsala, poti wina anayenera kugwira ntchito.

Patapita miyezi ingapo kunabwera kalata. Analemba kuti tsopano akugona tulo, ayamba kulima, ndipo anafunsa ngati ndinalirako chichokereni iwo. Ndinayankha Lamlungu lotsatira. Ndinati ndili bwino, kuno mvula yayamba, apereke moni kwa onse.