Agogo ndi Sitima Yotuwa

Dzulo mu matatu, minibasi ya kuno, ndimaonera kavidiyo pafoni ka sitima zankhondo zija zosaka sitima zinzake zoyenda pansi pa madzi. Bomba litaphulika m'nyanja, aise, thupi lonse tsemwe, mpaka ndinapitirira siteji yanga!

Ndili mwana, agogo aamuna anabwera kwathu ku Embakasi, pafupi ndi bwalo la ndege, kudzaonetsa maso kuchipatala. Ndege ikamanyamuka, mawindo n'kumanjenjemera, iwo ankagona chagada pasimenti atatambasula manja. Ine ndinkaona ngati masewera. Ndinkagona pambali pawo, simenti ikuzizira kumsana, iwo akununkhira fodya wamphuno.

Tsiku lina mayi anatipeza. "Ababa, mukapitiriza zimenezi tikubwezani kumudzi. Mutuwu sukuyenda bwino."

Ndinayamba kulira. Ndizisewera ndi ndani?

Agogo anadzuka pang'onopang'ono. "Mutu uli bwino, mwananga. Sitima yotinyamula popita kunkhondo itamira, tinali mbwee m'madzi. Inatulukira ina yotuwa, yaliwiro, imene inkatiperekeza. Tinakuwa kuti tapulumuka. Koma mdani anali atabisala pansi pathu, ndiye inaponya mabomba pomwepo. Amene anayandama chafufumimba, matumbo anawaphulikira. Ine ndinali chagada. Itamaliza, yomweyo inatiponyera zingwe, n'kutimwetsa tiyi wotentha."

Mayi anakhala pansi, kukamwa yasa. Za kumudzi sanazitchulenso.

Ine ndinangofunsa ngati tiyiyo anali wamkaka.

Pano ndi pamene ndikuzizwa kuti sitima imodzi inawaphulitsira mabomba n'kuwavuulanso tsiku lomwelo, koma sindinawamvepo akuitukwana.