Mafoda Atatu a Mnzanga

M'chaka chachiwiri cha maphunziro anga a uphunzitsi, koleji inatitumiza atsikana awiri ku sukulu ina ya pafupi ndi Boma la Luangwa kuti tikaphunzitse temu yathunthu. Tonse tinali ana a m'boma lomwelo. Ine kwathu ndi kumtunda, kumene timalima mapira ndi kuweta mbuzi, pomwe mnzangayo kwawo ndi ku Kavalamanja, m'mphepete mwa Zambezi. Ine ndinkaphunzitsa Chinyanja, iye sayansi. Ahedi anatipatsa chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba za aphunzitsi, ndipo tinagawana: iye cha ku zenera, ine cha ku khomo.

Wophunzira uphunzitsi amayesedwa pa zinthu ziwiri. Alekichara amabwera kudzamuonerera akuphunzitsa, kenako amapempha fayilo yake. M'fayilomo muyenera kukhala chikonzero cha phunziro lililonse, malikisi a ana, ndi ndemanga zimene mphunzitsi womuyang'anira walemba sabata iliyonse. Mapepala a ndemangawo ankatsala m'kabati ya sukulu, choncho ife tinkangowajambula ndi foni, ndipo koleji inkalola kuti tionetse zithunzizo. Fayilo ikaperewera, munthu amabwereza temu yonseyo chaka chotsatira, anzake akupita patsogolo. Ine ndinali woyamba m'banja lathu kufika ku koleji. Mawu oti kubwereza sindinkafuna ngakhale kuwamva.

Ndinafika ndi laputopu imene amalume anandigulira, ndipo masiku awiri oyambirira ndinawathera pomanga mafoda. Panali foda ya galamala, ya miyambi, ya kulemba makalata, ya kuwerenga ndi kumvetsa nkhani. M'kati mwa iliyonse munali foda ya giredi 8 ndi ya giredi 9, ndipo m'kati mwa amenewo munali enanso. Iliyonse ndinaipatsa nambala ndi dzina la Chinyanja chosamalidwa bwino. Nditawawerenga anapitirira makumi anayi. Ndinaitana mnzanga kuti adzaone.

Anayang'ana uku akutafuna masau ouma, nati, "Manje iwe, yonse aya ni ya chani? Wamanga nyumba ya vipinda fote. Uzagona muti?"

"Chinthu chilichonse chiyenera kukhala ndi malo ake," ndinamuyankha.

"Tizaona," anatero, nalavulira nthangala pazenera.

Iye analibe laputopu. Anali ndi foni yong'aluka galasi pakona, ndipo m'menemo munali mafoda atatu okha: Za sabata ino, Za alekichara, ndi Zosunga. Ndinawaona tsiku lina atandibwereka foniyo, ndipo ndinamumvera chisoni. Chimene sindinachione msanga chinali chizolowezi chake. Akajambula pepala, sankasuntha phazi asanachipatse chithunzicho dzina: tsiku, kalasi, ndi chimene chili pamenepo. Ndinkamupeza ataima pakhonde la kalasi, choko chili mbuu m'manja, akulemba ndi chala chachikulu pamene ana akumudutsa kuthamangira ku mjigo. Lachisanu lililonse tikaweruka, ankakhala pansi pa mtengo wa bwemba mphindi zochepa, nakhuthula foda ya sabatayo. Zina ankafufuta, zina ankasamutsa, basi.

Ine vuto linandiyambira pa pepala loyamba lenileni. Linali chikonzero cha phunziro la miyambi, koma m'mphepete mwake munali ndemanga za otiyang'anira, ndipo kuseri kwake ndinalembako malikisi. Kodi malo ake anali ku miyambi, ku ndemanga, kapena ku malikisi? Posafuna kulakwitsa, ndinapanga foda ina ndi kuitcha Zoyembekeza kusankhidwa. Pofika sabata yachitatu, foda imeneyi inali yokhayo yokhala ndi zinthu. Pambuyo pake ndinaleka ngakhale kusamutsa zithunzi kuchoka m'foni, chifukwa magetsi ankazimazima ndipo ndinkadziuza kuti ndidzachita zonse pamodzi ndikadzapeza tsiku labwino. Zithunzi za ntchito zinakhala m'foni ndi manambala amene kamera imazipatsa, zosakanikirana ndi za ukwati wa msuweni wanga, mapepala a nyimbo za kwaya, ndi mbuzi imene inabereka ana atatu.

Nsanje inayamba tsiku Lachiwiri lina m'chipinda cha aphunzitsi. Ahedi analowa mwachangu, akufuna malikisi a mayeso a pakati pa temu chifukwa kholo lina linali kudikira mu ofesi. Ine ndinatsegula laputopu ndi kuyamba kulowa foda ndi foda. Mnzanga anatulutsa foni yake yong'alukayo, nagunda kawiri, naipereka.

Ahedi anayang'ana foniyo, kenako anayang'ana iye. "Mwana uyu ali ndi mutu," anatero. "Lachisanu muwaonetseko aphunzitsi enawa momwe mumachitira. Ena pano zinthu zawo zili ngati za m'nkhokwe yogwa."

Sanatchule dzina la munthu, koma laputopu yanga inali yotsegula patebulo pamaso pa onse. Lachisanulo ndinakhala kumbuyo, ndikuona aphunzitsi a imvi akuwerama pa foni ya mnzanga ndi kumufunsa mafunso mwaulemu. Ku koleji, amene ankapeza malikisi apamwamba ndinali ine. Amene ankafunsidwa ndi anzathu usiku woti mawa kuli mayeso ndinali ine. Ndinadzipeza ndikuwerenga mayina a mafayilo ake kufuna kupezamo cholakwika, ndipo nditapeza mawu olembedwa mosakaniza zilankhulo zitatu, mtima unakhalako pansi pang'ono. Chimenechi ndimachita nacho manyazi mpaka lero.

Loweruka lina anandiitanira kwawo. Tinakwera boti la injini kukwera ndi mtsinje, ndipo tinapeza amayi ake ali padooko, bwato la abambo ake litangokocheza kumene. Anandilonjera bwino, nati, "Khala pamthunzi, mwanangu, dzuwa la kuno silidziwa mlendo." Iwo sanakhale. Nsomba iliyonse ikatuluka m'bwato, ankaigwira, kuiyang'ana kamodzi, ndi kuiponya pa mulu wake. Milu inali itatu. Ndinaona kuti pende ndi mcheni zili pa mulu umodzi, pende wina ali pa mulu wina, ndipo ndinafunsa chifukwa chake.

"Izi ni za a mabokosi a ayezi opita ku Lusaka," anatero. "Izi ni zowamba. Izi tidya ise. Ukati udzasankha kunyumba, upeza zonse zanunkha."

Mnzanga anali atapinda chitenje, akuthandiza kutumbula. Ine ndinakhala pamthunzi paja ndikumva kuwawa kumene sindinayembekezere. Ndinali nditawerenga zambiri za kasungidwe ka zolemba, ndinali nditathera mabandulo kuonera anthu a kunja akufotokoza njira zawo, koma mnzanga anatola luso limeneli padooko ali mwana, osadziwa n'komwe kuti watola kanthu. Nsomba yootcha imene anatikonzera masana amenewo inali yokoma.

Uthenga woti alekichara afika Lachinayi unatipeza Lolemba, m'mwezi wa Okutobala. Aphunzitsi amene ankandiyang'anira anali atapita ku Lusaka kukadwazika mchemwali wawo, ndipo kiyi wa kabati yawo anapita naye. Ndinatsala ndi zithunzi zokha.

Masana onse atatu ndikaweruka ndinkakhala pamkeka kufufuza. Kutentha kwa m'chigwa kunkachititsa laputopu kuzima yokha, moti ndinaisanjika pa njerwa ziwiri kuti mphepo izidutsa pansi. Ndinkatsegula chithunzi chilichonse pachokha, kuchikulitsa, kuwerenga tsiku limene ndinalemba pamwamba pa pepala, kenako kuchipatsa dzina. Mapepala ena ndinawajambula katatu, ndipo sindinkadziwa kuti lokonzedwa ndi liti. Mnzanga ankachapa, kusita, ndi kugona chagada akuwerenga.

"Bweretsa nikuthandize," anatero Lachiwiri.

"Ndatsala pang'ono kumaliza."

"Dzulo unakamba so."

"Ndili ndi ndondomeko yanga."

Anaseka. "Iwe wophunzitsa miyambi, niuzeko: safunsa anadya chani?"

Ndinatsegula chithunzi china. Kumupatsa foni yanga kukanakhala kumuonetsa zonse, ndipo ndinkadziwa kuti sakanandinyoza. Akanangokhala pansi ndi kukonza mwakachetechete, ndipo chimenecho ndicho sindikanachipirira.

Pofika Lachitatu madzulo ndinali nditapeza zonse kupatula chimodzi: ndemanga za sabata yachinayi. Ndinabwereza zithunzi zonse kawiri, osazipeza. Ndinadzilimbitsa mtima kuti munthu woyendera sukulu zambiri sangawerenge sabata iliyonse.

Alekichara anali amayi achikulire, olankhula motsitsa. Anaonerera phunziro langa atakhala pa desiki ya kumbuyo, ndipo linayenda bwino. Ana anayankha, nthawi inakwana. Kenako tinalowa mu ofesi ya ahedi, mnzanga atakhala pabenchi panja pa zenera kudikira nthawi yake.

Anayamba ndi sabata yoyamba, akuchonga papepala lawo. Yachiwiri. Yachitatu.

"Yachinayi?"

Ndinatsegula foda ya ndemanga ngati kuti sindikudziwa kuti mulibe. Ndinatsegula ya giredi 8. Ndinatsegula ya galamala. Alekichara anadikira, cholembera chili m'mwamba.

"Mafoda anu ndi okongola," anatero mopanda chipongwe. "Koma ine ndikufuna pepala limodzi. Mukudziwa lamulo lake. Fayilo yoperewera sindingaisayinire."

"Inde, Madamu."

"Amene anakuyang'anirani tingawaimbire?"

"Ali kuchipatala ndi wodwala, Madamu. Foni yawo sikupezeka."

Pamenepo ndinaona chaka chonse chikubwerera m'mbuyo. Ndinaganiza za abambo, momwe amanditchulira kutchalitchi akafunsidwa za ana awo.

Kunamveka kugogoda. Mnzanga anasuzumira pakhomo, nagwada pang'ono.

"Pepani Madamu, namvera pawindo. Ndemanga za mnzanga za sabata yachinayi nili nazo." Anatembenukira kwa ine. "Siku ija foni yako inazima, unanipempha kuti nikujambulire. Ninakutumizira, koma kapena inamira mu mauthenga."

Ndinakumbukira nthawi yomweyo. Magetsi anali atazima masiku awiri, ndipo ndinamupempha tili pakhomo la kalasi, ndikuthamangira phunziro lina. Mnzanga anapereka foni kwa alekichara. Chithunzicho chinali m'foda ya Za alekichara, chili ndi tsiku, kalasi, ndi dzina langa. Alekichara anachikulitsa, nawerenga ndemangazo mpaka pansi, nachonga. Masabata otsalawo analipo onse, ndipo anasayina. Potuluka anandiuza kuti ndimaphunzitsa bwino, ndipo kuti fayilo ya mphunzitsi iyenera kupezeka ngakhale mwini wake atadwala. Ya mnzanga anaiona mphindi zochepa chabe. Ndinamva kuseka kwawo ndili pabenchi paja.

Pobwerera kuchipinda, titafika pa mjigo ndinamutembenukira mnzanga.

"Zikomo," ndinatero. Liwulo linatuluka louma.

"Ugule masau chabe."

"Koma unachisungiranji? Sichinali chako."

Anandiyang'ana modabwa ndithu. "Nenze kudziwa kuti azachifuna. Nikanachiika kuti?"

"Ukanandiuza dzulo."

"Unaniuza kuti chasowa? Unati uli na ndondomeko."

Analibe cholakwa, ndipo ndinafufuza njira yonse kuti ndimupezere chimodzi. Ndikanakonda akanadzitama, kapena akanauza aphunzitsi ena, kuti ndikhale ndi chifukwa chomukwiyira. Sanatero. Anafika, navula nsapato, nafunsa ngati ndiwo za dzulo zatsalako.

Dzuwa litapendeka ndinaimbira abambo. Netiweki m'chipindamo inkagwira pazenera pokha, choncho ndinaima pafupi ndi bedi la mnzanga, iye atakhala pomwepo akusoka batani la bulauzi.

"Zayenda bwanji, mayi?" anafunsa abambo.

"Ndakhoza, bambo. Asayina. Sindibwereza."

Ndinawamva akuuza amayi, kenako anabwerera pafoni. "Tinkadziwa. Iwe zinthu zako umazisunga mwadongosolo kuyambira uli wamng'ono. Panalibe chovuta?"

Mnzanga anadula ulusi ndi mano, maso ali pa bulauzi.

"Panalibe, bambo," ndinatero. "Ndinakonzekera bwino."